Kamphindi Kosakhudzika ka Mfundo

Kwathu ku Bwanje, m'nyumba ya a Maliro, munali beseni lofiira limene sitinkatsukiramo mbale kapena kuchapiramo. Linali la ntchito imodzi basi. Mwana akalakwa, n'kugwada, n'kunena kuti, "Ababa, ndalakwa," ababa ankaitanitsa beseni lija, n'kuthiramo madzi, ndipo iwo ndi wolakwayo ankasamba m'manja limodzi. Madziwo akatayidwa kuseri kwa nyumba, nkhani yatha. Palibe ankaloledwa kuitchulanso, ngakhale amayi. Ndipo tsiku lomwelo ababa ankampatsa wolakwa uja ntchito yofuna munthu wokhulupirika, kuti aone kuti mtima wawo wayeradi.

Khalidwe limeneli anabwera nalo ku Joni, kumene anagwira ntchito ya mumgodi ali mnyamata. Ankati m'gulu lawo, anthu akayambana pansi pamgodi ankasamba limodzi asanatuluke, chifukwa munthu amene wakusungira chakukhosi sangakukuwire mwala ukamagwa. Ku Joni komweko anabwerakonso ndi chifuwa chosatha ndi mwendo wamanzere wokoka.

Ine ndine Janeti, mwana wawo woyamba. Anthu amati ndili ndi pakamwa, ndipo sindikana. Nkhaniyi ndi ya mlongo wanga Mfundo, ndipo wandilola yekha kuti ndikuuzeni, achinyamata anzanga. Zimene sindinaone ndi maso anga anandiuza ndi iyeyo.

Tinkakhala bwino. M'mawa kupemphera, madzulo kuimba. Chuma chathu chonse chinali puloti imodzi ya mpunga kusikimu ya ulimi wothirira. Kumtunda kwathu n'kwamchenga, chimanga chimangofika m'mawondo. Chakudya, yunifolomu, mankhwala a ababa, zonse zinkachokera m'puloti imeneyo. Kusikimu madzi amayenda mosinthana: mzere uliwonse wa mapuloti uli ndi tsiku lake, ndipo lathu linali Lachitatu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Pamsonkhano uliwonse a Fanizo, wapampando wa komiti ya madzi, ankabwereza lamulo limodzi mpaka ana tinaliloweza: wakuba madzi kapena wogumula ngalande, puloti alandidwa.

Mfundo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wanzeru, wa manja opepuka. Tsiku lina ababa anamutuma pa njinga ku Sharpevale kukatenga mankhwala kuchipatala. Pobwerera anamva phokoso m'kashedi kena kuseri kwa magolosale, anyamata akukuwa ngati kuli mpira. Anasuzumira. Kusuzumira komweko!

Mwini kashediko anali Goliati. Dzina lokha, munthu wake anali wowonda ngati bango. Anali ndi sola padenga, batire pansi, sikirini pa tebulo, ndi timapadi tiwiri ta mabatani. Pa sikirinipo anthu awiri ojambula ankamenyana, aliyense ali ndi kamzere ka moyo pamwamba. Ukamenyedwa kamzereko kamafupika, kakatha wafa.

"Lowa, mwana wa a Maliro," anatero Goliati. "Yoyamba n'njaulere."

Mfundo anagwira padi. Anamenyedwa, anagwa, anafa. Anayambanso, anafanso. Atagonja kachitatu, Goliati anamukhalira pafupi.

"Vuto lako ukuopa kugwa. Taona apa. Uyu wagwa, eti? Tsono yang'ana podzuka. Ukuona mmene akuphethiraphethira ngati babu lofuna kupsa? Kamphindi kameneko munthu sakhudzika. Umumenye chibakera, umuponyere moto, zonse zimangomudutsa. Opanga makinawa anaika dala kuti wogwa asamangopondedwa pansi osadzuka. Ndi chifundo cha makina chimenecho."

"Ndiye ndizitani?"

"Opusa amadzuka n'kuthawa. Wochenjera amadzuka ndi chibakera cha pachibwano. Mnzako akamabwera mokondwa kuti akumalize, nkhonya yake imakudutsa, yako imamupeza."

Pasanathe mwezi, Mfundo anali katswiri wa kamphindi kameneko. Ankachita kudzigwetsa dala, n'kumudikira mnzake, n'kudzuka naye. Anyamata a pa Sharpevale anamupatsa dzina loti Wosakhudzika, ndipo iye ankayenda mapewa m'mwamba. Goliati sankavuta pa malipiro. Ndalama ukhale ulibe, ankalandira mpunga wa m'kachitini.

Mwezi wa Meyi mpunga wa dzinja unayamba kucha, mpheta zinafika m'magulu. Kuingitsa mbalame masana inali ntchito ya Mfundo, popeza ine ndinkakonzekera mayeso a Folomu 4. Iye anamangirira mapepala a pulasitiki pa chingwe, n'kuuza mphepo kuti imugwirire ntchito, n'kupalasa njinga wa ku Sharpevale. Masiku atatu. Ababa atapita kukaona anapeza mbali yonse ya kum'mawa ngala zili mbee, mankhusu okhaokha.

Mfundo anagwada misozi ili mbwembwembwe. "Ababa, ndalakwa."

Beseni linabwera. Akusamba, ababa anati, "Mfundo, ndimvetsetse. Madzi awa akutsuka mtima wanga. Sabweza mpunga umene mbalame zadya. Usazisokoneze zinthu ziwirizi."

"Ndamva, ababa."

Madzi anatayidwa kuseri. Ababa anamupatsa kiyi wa kachipinda kosungiramo mbewu. Nanga mbalame zija zikanadikira? Amayi anali ndi ntchito yomweta, ababa dzuwa linkawatsokomoletsa. Amene anakakhala pamsasa milungu itatu akukuwa "Haa! Haa!" mabuku ali pamwendo ndinali ine. Mayeso aja ndinalephera, ndipo musandifunse ngati zinandiwawa. Zinandiwawa.

M'mawa mwake mwa tsiku la beseni lija ndinamupeza akutuluka m'kachipinda ka mbewu, jumbo ya mpunga ili m'malaya.

"Iwe! N'chiyani chimenecho?"

Anandiyang'ana n'kumwetulira, kumwetulira kumene sindinakuonepo pankhope pake.

"Achemwali, musadzivute. Panopa ndikuphethira."

"Ukutani?"

"Dzulo ndinagwa, lero ndikudzuka. Kuseri kuja madzi a beseni sanaume. Ababa sangandikhudze lero, ngakhale mawa. Mukakanena adzati Janeti akukumba nkhani yotayidwa."

Mwana uyu anali atayeza chifundo cha ababa ngati mmene ankayezera makina a Goliati, n'kupeza pamene chimayambira ndi pamene chimathera. Ndinamulanda jumbo ija. Anangoseka, madzulo anatenga ina.

Nthawi yofesa nazale ya mpunga wa chilimwe itakwana, m'thumba la mbewu munapezeka mchenga pansi, mpunga pang'ono pamwamba. Ababa asanatsegule pakamwa, Mfundo anali atagwada kale.

Amayi sanapirire. "Bambo a Janeti, mwana uyu akusamba m'manja mokha, mtima ayi. Kugwada kwasanduka masewera."

"Nangozo," anatero ababa, "ine Mulungu wandikhululukira kangati? Ndikamukana wogwada, ndipemphera bwanji madzulo ano?"

"Mukhululukireni, koma kiyi mulandeni!"

"Kukhululuka kosunga kiyi m'thumba si kukhululuka."

Ndinkawakonda ababa, koma tsiku limenelo ndinafuna kuliponda beseni lija. Linabwera ndithu. Ndipo amayi anayenda milungu iwiri akuwokera m'mapuloti a eni ake, kulipidwa mbande m'malo mwa ndalama, kuti ifenso tibzale. Ankabwera mapazi atasweka, zilonda za matope zili m'zala, akuyenda ngati aponda minga.

Kenako zinasowa jombo za ababa, zija ankalowera nazo m'matope poteteza mwendo wodwala. Kusukulu anatumiza uthenga kuti Mfundo sanaoneke mwezi wathunthu. Apo ndiye ndinanyamuka ndekha wapansi mpaka ku Sharpevale. Jombo ndinazipeza kumapazi kwa Goliati, zikumukhwepa.

"Inu a Goliati, mulibe manyazi? Jombo za munthu wodwala?"

"Achemwali, ine sindiitana munthu. Khomo ili ndi lolowera, ndi lotulukiranso. Mlongo wanu ndi katswiri, muzinyadira."

"Mfundo, tiye kwathu!"

Sanacheuke n'komwe. Maso ali tong'o pa sikirini, zala zikuvina. "Ndimalize kaye iyi."

"Ababa akuponda matope opanda jombo chifukwa cha iwe!"

"Ndikagwada madzulo, achemwali. Pitani."

Anyamata onse anaseka. Ndinatuluka ndikulira ndi ukali, ndipo njira yonse ndinkalankhula ndekha ngati wamisala.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake la ku Bwanje, lija limaotcha ndi mphepo yomwe. Mpunga wathu, wa mbande za thukuta la amayi, unali ndi pakati, ngala zatsala pang'ono kutuluka. Mlimi aliyense amadziwa kuti nthawi imeneyo mpunga ukasowa madzi sabata imodzi, wakolola mankhusu. Ababa chifuwa chinawagwetsa, anali gone pamphasa.

Lamlungu lina Mfundo anachita zodabwitsa. Anaimirira m'tchalitchi pamaso pa mpingo wonse n'kuulula zonse: mbalame, mbewu, jombo, sukulu. Analira mpaka mamina. Amayi a chigwirizano anaimba, nthungululu zinamveka, a Fanizo amene ndi mkulu wa mpingo anatsika kudzamugwira dzanja. Inenso ndinalira, ndisaname. Ndinati Mulungu wamva.

Kunyumba ababa anadzuka movutika, anasamba naye m'manja, n'kunena kuti, "Lachitatu ndi tsiku lathu la madzi. Amayi ako akhala akundiyang'anira, Janeti apita kukanditengera mankhwala. Madzi ndakusiyira iwe. Ukafike kusanatenthe, ukatsegule kolowera, ukaime pomwepo mpaka puloti yonse itamwa."

"Ababa, nditumeni ine kumadziko," ndinatero. "Mankhwala akatenge iye."

"Kuti akadutse pakhomo pa Goliati? Ayi. Ndipo tasamba m'manja, Janeti. Usakumbe zotayidwa."

Ndinatseka pakamwa panga, ndipo mpaka lero ndimadzida chifukwa chotseka.

Lachitatu Mfundo anatuluka m'mamawa ndi khasu ndi njinga. Ine ndinayenda wapansi kupita kuchipatala. Mzere unali wautali, ndinatuluka dzuwa litafika pamutu. Ndikudutsa kuseri kwa magolosale ndinamva chiphokoso, ndipo nditayang'ana ndinaona njinga yathu itatsamira kashedi ka Goliati, khasu lili chimangirire pakaliyala, louma, lopanda ndi dontho la thope.

Mayo ine!

M'katimo munali modzaza. Kunabwera mlendo, bambo wina wofatsa dzina lake Thomas, woyendetsa lole ya mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano. Lole yake inali itawonongeka, ndipo podikira makaniko anamva zoti pano pali Wosakhudzika. Goliati anali atatumiza uthenga kwa Mfundo Lolemba. Mfundo anati angomugwetsa kamodzi mlendoyo n'kuthamangira kumadzi.

Koma sizinali kutheka. Ndinaima pakhomo ndikuona ndi maso anga. Munthu wa Mfundo wa pa sikirini anagwa, n'kuyamba kuphethira. Mlendo uja sanathamangire kukamumaliza monga ankachitira anyamata ena. Anangobwerera pang'ono, n'kutchinga nkhope, n'kuima. Mfundo anadzuka ndi chibakera chake chija, n'kulumpha nacho m'mwamba, chopanda womupeza. Kuphethira kunathera m'malere. Potsika anali pambalambanda, manja ali m'mwamba, ndipo Thomas anamulandira ndi nkhonya zotsatizana mpaka kamzere ka moyo kanatheratu.

"Tibwereze!" anakuwa Mfundo. Mawu anali atasasa. Ndinamva kuti aka kanali kachisanu ndi chitatu.

Thomas anaika padi pa tebulo. "Mphwanga, njira yako ndi imodzi yomweyo. Kamphindi kako kamatha. Ine sindilimbana nako, ndimangodikira kuti kathe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Mfundo!" ndinakuwa. "Madzi!"

Anatembenuka, anayang'ana ine, anayang'ana mthunzi wa pakhomo umene unali utayamba kale kupendekera kum'mawa. Anandikankha, n'kudumphira njinga.

Ndinakwera kabaza ndikumupempha mnyamata wopalasayo kuti athamange. Nditafika kusikimu ndinapeza puloti yathu ili gwaa, nthaka itang'ambika ming'alu yolowa dzanja, masamba a mpunga atapindika ngati singano. Geti ya mzere wathu inali itatsekedwa kale ndi loko, madzi atapita kumzere wotsatira. Ngalande yaikulu imadutsa pamwamba pa puloti yathu, khoma lake ndi ladothi. Mfundo anali ataimirira pakhoma limenelo, khasu lili m'manja.

"Mfundo, usayerekeze! Ukudziwa lamulo!"

"Ndingoboola pang'ono. Puloti ikamwa nditseka."

"Tiye tikawapemphe a Fanizo. Tikagwade tonse awiri, mwina atipatsa ola limodzi mawa."

"Kuti akawauze ababa kuti sindinabwere? Ayi!"

"Atilanda puloti, iwe! Tidya chiyani? Ndakugwira mwendo, mlongo wanga, tsika!"

Maso ake anali ofiira. "Sangatilande. Lamlungu lomweli mpingo wonse unandiimbira. A Fanizo omwewo anandigwira dzanja. Angatembenuke lero n'kulanga munthu amene angomulandira kumene? Ndikadali kuphethira, achemwali. Zikavuta ndigwada."

Khasu linatsika. Kamodzi, kawiri, katatu.

Madzi anayamba ngati kamkodzo ka mwana. Koma dothi la khoma lija linali litafewa m'kati, ndipo ngalande inali yodzaza. Ndikuona chonchi, kabowo kanakula ngati beseni, kenako ngati khomo, kenako khoma linangoti phwaa! Madzi anakhamukira m'puloti yathu n'kugoneka mpunga wonse m'matope, anadumpha malire, n'kulowa m'puloti ya a Eliness, mayi wamasiye wa ana anayi, n'kukokolola zonse zimene anawokera. Kumunsi, anthu a mzere wotsatira anangoona madzi awo akuphwa.

Mfuu inamveka sikimu yonse. Anthu anathamanga ndi makasu ndi matumba. Mfundo anayesa kutseka ndi manja, ndi malaya, ndi chifuwa, madzi anamugwetsa n'kumukokera m'mpunga. Atadzuka n'kuona khamu likubwera, anathawira m'mabango.

Mfuu ija inafika mpaka kwathu. Sindidziwa mphamvu anazitenga kuti, koma ndinangoona ababa akubwera ndi ndodo, akukoka mwendo, opanda jombo, amayi akuwathamangira pambuyo akulira. Anthu anawapatukira. Palibe anawauza kanthu, khasu lathu linali pomwepo.

"Bambo a Janeti, musalowe! Chifuwa chanu!"

"Waboola ndi mwana wanga, Nangozo. Ndikaime pamtunda ndizionerera?"

Analowa pogumuka paja, madzi m'chifuwa, n'kutsamira mtengo umene amuna anaupingasa, kuti matumba a dothi apeze pogwira. Wothamanga kukatseka kugwero anatenga nthawi, pakuti n'kutali. Ababa anaima m'madzimo mpaka dzuwa linapendeka, akutsokomola, osalola kutuluka. Thumba lomaliza litaikidwa, anawanyamula amuna anayi.

Kuchipatala anati chibayo chagwera pa mapapo otha kale. Anawapatsa mankhwala, ndipo ababa anakakamira kuti akagone kwawo.

Lachisanu komiti inakhala pansi pa mtengo wa mtondo pafupi ndi geti. Mfundo anali atatuluka m'mabango njala itamupweteka. Asanafunsidwe n'komwe anagwada pafumbi, misozi ili chuchuchu.

"A Fanizo, ndalakwa. Ndikhululukireni."

A Fanizo anayankha kuti, "Lamlungu ndinakugwira dzanja ndi mtima wonse, ndipo ngati walapadi ndidzakugwiranso. Koma dzuka, mnyamata. Pano sitikuweruza mtima wako, tikuweruza ngalande. Lamulo ukulidziwa?"

"Ndikulidziwa, koma..."

"Linene."

Ananena, mawu akuthawa. Amayi anadzigwetsa pansi.

"A Fanizo, tichitireni chisoni! Bambo ali gone. Puloti imeneyi ndi m'mimba mwathu. Mukatilanda tidya chiyani?"

"Nangozo, funso lomwelo andifunsa a Eliness dzulo, ndipo ndinalibe yankho. Mabanja khumi ndi awiri ataya tsiku lawo la madzi. Ndikakusiyirani puloti lero, mawa aliyense wochedwa abwera ndi khasu. A Maliro ndi mnzanga, mtima ukundiwawa. Koma madzi akatayika saoleka."

Puloti inapita. Mfundo anakhalabe chigwadire, akuyang'ana uku ndi uku ngati akudikira kuti wina abweretse beseni. Anthu anangonyamuka mmodzimmodzi.

Loweruka masana ababa anatiitana. Anali atatha, mpweya ukulira m'chifuwa. Zonse ndinali nditawauza, za Goliati, za kuphethira, za mawu aja a pakhoma. Nthawi imeneyi sindinatseke pakamwa.

"Janeti, tenga beseni."

Mfundo anali pakhomo. Sanagwade. Anangokhala pansi ngati thumba, n'kugwira mutu.

"Ababa, ayi. Musandikhululukire. Ndimenyeni, nditukwaneni, ndithamangitseni. Beseni ayi."

"Sendera kuno." Anapuma kaye. "Akuti m'magemu ako munthu akamaphethira, nkhonya imamudutsa. Ndi zoona?"

"Ndi zoona, ababa."

"Ikamudutsa imapita kuti?"

"Siipita kulikonse. Imangotha."

"Ndi kumakinako kumeneko. Kuno nkhonya siitha, mwana wanga. Ikakudutsa iwe, imapeza amene waima kumbuyo kwako. Ya mbalame inapeza Janeti. Ya mbewu inapeza mapazi a amayi ako. Ya ngalande yapeza a Eliness ndi ana awo, ndipo yotsala yandipeza ine. Iwe unkati sukukhudzika. Ife timakhudzika m'malo mwako."

Mfundo analira kulira kumene sindinakumvepo, kosakhala kuja kwa m'tchalitchi. Kunalibe mawu, kunali ngati munthu akusanza.

"Inenso ndili ndi mbali yanga," ababa anapitiriza. "Amayi ako anandiuza, Janeti anandiuza. Ndinkakupatsa kiyi pamene unkafunika mpanda. Nangozo, undikhululukire. Koma iwe Mfundo, bweretsa manja. Sindipita kwa Mulungu ndi chakukhosi."

Manja awo sanathe kudzuka okha. Ndinawanyamula ine n'kuwaika m'madzi, ndipo Mfundo anawasambitsa chala chimodzichimodzi.

"Ndakukhululukira ndi mtima wonse," anatero. "Koma puloti yapita."

Mfundo ananyamula beseni lija. Sanapite nalo kuseri kwa nyumba. Anatuluka nalo pachipata, ndipo ine poopa kuti angadzichite choipa ndinamutsatira. Anayenda nalo mosamala dzuwa likuswa mtengo mpaka kusikimu, pa puloti imene sinalinso yathu. Matope aja anali ataumanso n'kung'ambika, mpunga uli lambalamba pansi, wayamba kununkha. Anagwada pamalire n'kuthira madzi aja pang'onopang'ono. Analowa mumng'alu umodzi n'kuzimirira. Sananyowetse ndi malo oti n'kupondapo phazi.

Ababa anatisiya Lolemba m'mawa.

Papita zaka zisanu tsopano. Amayi amagulitsa nkhuni. Ine ndimasoka pakhonde la golosale ku Sharpevale, ndipo kashedi ka Goliati ndimakaona tsiku lililonse, kadakali kodzaza ndi ana a eni ake. Mfundo analima puloti ya a Eliness zaka ziwiri osalandira kanthu, ndipo pano amayenda maganyu m'sikimu momwemo. Nthawi zina amamulemba ganyu yoingitsa mbalame pa puloti yathu yakale ija. Amafika kusanache, amachoka mbalame zitagona. Padi sanaigwirenso. Analapa, ndikukhulupirira, koma analapa atatsala ndi manja okha.

Tsono ndimvereni, achinyamata anzanga, inu amene muli ndi makolo ofatsa, aphunzitsi opirira ndi mpingo wolandira. Sindikunena kuti gemu ndi Satana. Tchimo la Mfundo silinali mabatani. Anatenga chifundo n'kuchisandutsa pobisalira kuti achimwenso. Kukhululukidwa ndi mpata woti udzuke n'kusiya, si mpata woti udzuke ndi chibakera. Ukaba lero chifukwa dzulo anakukhululukira, ukazemba ntchito chifukwa ukudziwa kuti ukagwada zitha, dziwa kuti zotsatira za tchimo sizikuthamangira. Zangobwerera pang'ono, zaima, zikudikira kuti kamphindi kako kathe. Ndipo ukaona kuti walakwa koma sunamve kuwawa, usasekere. Cheuka uone amene waima kumbuyo kwako.

Beseni lofiira lija lidakalipo, Mfundo analipachika pamsomali m'chipinda chake. Tsiku lina ndinamufunsa ngati adzaligwiritse ntchito akadzakhala ndi ana. Anati inde, adzatero. Koma akadzatha kusamba m'manja, adzamutenga mwanayo n'kupita naye kukaona chimene wawononga, ndi munthu amene wamupweteka.